Mlendo Akakulozerani Buku pa Msika wa Tsoka

Ana anga, ambiri opita pa Msika wa Tsoka amapitira nsapato, majini ndi majekete. Chichotsereni boma mavenda m'misewu m'chaka cha 2006 n'kuwalozera m'misika, malo amenewa, m'mphepete mwa mtsinje wa Lilongwe, ndiwo akhala kuchimake kwa kaunjika mumzinda uno. Mukaoloka pa timilatho tamatabwa tolipira tija, chokulandirani ndi phokoso la oitanira malonda ndi fungo la chiwaya. Mabuku saitanira. Mumawapeza pakona, pa benchi kapena pa chisaka choyala pansi, ena m'makhonde a masitolo a ku Old Town, ataunjikidwa osayang'ana mtundu: la masamu la Fomu 3, Baibulo lothothoka chikuto, nkhani yachikondi ya ku America, mapepala a mayeso akale a MSCE. Shelefu palibe, ndondomeko ya maina a alembi palibe, ndipo m'thumba muli ndalama ya buku limodzi lokha. Ndiye mwanyonyomala mukutembenuza, wina amene simudamuonepo waima pambali panu, waloza ndi mlomo n'kuti, "Tengani ilo, achimwene, simudandaula."

Mawu amenewo muwatani? Ndizo ndafuna tikambirane.

Musamunyoze munthuyo. Ndikudziwa kuti tidakulerani ndi lamulo loti musamamvere anthu osawadziwa, ndipo pa nkhani ya ndalama, ya mankhwala ndi ya galimoto yokuimirani usiku, lamulolo likadali pomwepo. Za buku ndi zina. Anzanu a m'kalasi amawerenga zomwe inu mumawerenga, poti mphunzitsi wanu ndi mmodzi ndipo silabasi ndi imodzi. Mukamangofunsana nokhanokha mudzazungulira pa mabuku khumi omwewo mpaka imvi. Makolo adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Munthu amene adakulira ku Nsanje, kapena adakagwirako ntchito ku Johannesburg, kapena namwino wa pa Bwaila amene adapuma pantchito, wadutsa m'mabuku oti inu simudamvepo ngakhale dzina lake, ndipo akakhala chete simudzawamva konse.

Dziwaninso kuti mwayi woti munthu wosamudziwa akulozereni buku dzuwa likuswa mtengo ndi wadzulodzuloli. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo, ndipo mndandanda wa mabuku oletsedwa udali wautali, moti ngakhale Animal Farm la George Orwell lidali momwemo. Buku la ndakatulo la Jack Mapanje, Of Chameleons and Gods, lidasindikizidwa ku London mu 1981, lidachotsedwa m'masitolo ndi m'masukulu mu 1985, ndipo mwini wake adagwidwa mu Sepitembala 1987 n'kukakhala kundende ya Mikuyu mpaka Meyi 1991, osaonekera m'khoti ngakhale tsiku limodzi. Masiku amenewo munthu wachilendo akakuyandikira n'kuyamba kunong'ona za buku, mtima unkadumpha: kodi ameneyu ndi wowerenga mnzanga, kapena kazitape wofuna kumva chomwe ndiyankhe? Yankho lotetezeka lidali lakuti, "Ine za mabuku sindizitsata, bambo," kenako n'kutembenuka. Buku lovuta linkayenda pakati pa anthu odziwana mpaka kumudzi kwawo, litakutidwa ndi pepala la khaki. Zoyenda poyera zidali nkhani za James Hadley Chase ndi za Pacesetters, zomwe kampani ya Macmillan idayamba kutulutsa mu 1977. M'sukulu zogonera konko buku limodzi linkamaliza hositelo yonse, ndipo pofika kwa womaliza masamba akumapeto adali atapita kale. Amene adaliwerenga likadali lathunthu ndiye ankafotokoza mathero ake pamzere wa nsima, ena akumuletsa, ena akumukakamiza. Inu lero mutha kuima pakati pa msika n'kukangana za buku lililonse ndi munthu aliyense. Ambiri a inu simuchita, ndipo zimandiwawa.

Komatu kumvera si kugula. Aliyense wa pa Tsoka amadziwa kuti belo likatsegulidwa m'mamawa, zam'katimo zidasankhidwa kale kutsidya kwa nyanja ndi munthu amene sadaone thupi lanu. Jekete idasokedwera mapewa a wina ndi nyengo ya kwina. N'chifukwa chake simugula osayesa: mumaitambasula, kusuzumira m'khwapa, kukoka zipi, kuivala, n'kufunsa mnzanu ngati yakukhalani. Mawu a mlendo wokulozerani buku ali chimodzimodzi. Bukulo lidamukhala iyeyo, pa msinkhu wake ndi m'mavuto ake. Chondidabwitsa n'chakuti mtsikana yemwe amatha theka la ola akuunika msoko wa siketi, yemweyo amagula buku chifukwa choti wina wati ndi labwino, osatsegula ngakhale tsamba limodzi.

Mulu womwewo nawo udasankhidwa kale ndi alendo oti simudzawaona nkhope. Mabuku ena ndi a ana a sukulu amene adalemba mayeso n'kugulitsa. Ena adatuluka m'nyumba za ku Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene ogwira ntchito kwa akazembe ndi m'mabungwe akunja, nthawi yawo ikatha, amagulitsa kapena kusiyira antchito awo zomwe zakana kulowa m'sutikesi. Ena adabwera m'makontena kuchokera ku Britain ndi America, ali ndi chidindo cha laibulale ya tauni ina yakutali chosonyeza kuti eni ake adathana nawo. Motero mupezapo buku la kasamalidwe ka maluwa m'nyengo ya chisanu choundana, la malamulo a msonkho a ku America, la makompyuta amene adasiya kupangidwa inu musanabadwe. Mupezaponso mabuku abwino kwabasi pa mtengo wa mbale ya tchipisi, sindikana. Koma musadzinamize kuti mwasankha pa mabuku onse a padziko. Mwasankha pa zomwe ena adasiya. Pa alendo onsewa, amene waima pambali panuyo ndiye yekhayo amene mungathe kumufunsa funso, choncho mufunseni.

Funso lake ndi lalifupi: "Mudaliwerenga? Muli zotani?" Amene adawerengadi, nkhope imasintha. Amayamba ndi munthu wa m'bukumo ngati kuti ndi mnansi wake. Amakuuzani pamene adapsa mtima, pamene adaseka yekha m'minibasi mpaka kondakitala kumuyang'ana. Nthawi zina amakuchenjezani kuti koyambirira n'kotopetsa, mupirire kufikira mutu wachitatu. Munthu wotchula chilema cha buku lomwe amalikonda, mukhulupirireni. Amene sadawerenge amayankha ndi mawu akuluakulu opanda kanthu m'kati: ndi lamphamvu, aliyense akuliwerenga, likusinthani moyo. Mukafuna kutsimikiza, onjezani funso lina: "Nanga lina lomwe lidakukomerani ndi liti?" Akatchula buku lomwe inu mudagona nalo tulo, mwadziwa kuti zokonda zanu n'zosiyana, thokozani mwaulemu, mupitirize kutembenuza. Akatchula lomwe inunso lidakugwirani mtima, musamulole achoke asanatchule lachitatu ndi lachinayi, ndipo mulembe maina ake pomwepo, chifukwa pofika pa depoti mukhala mutaiwala.

Wogulitsa naye ndi mlangizi, ndipo musamuone ngati mdani. Pali chinthu chimodzi chomwe amachidziwa kuposa pulofesa aliyense: buku lomwe likuyenda. Akati, "Ili likuyenda heve, asisi," sakunama. Kungoti iye amaona ogula, owerenga sawaona. Palibe amene amabwerera pa benchi kudzanena kuti adalisiyira pa tsamba 20. Ndipo dzuwa likapendeka, wachiphaso cha msika wadutsa kale, ya minibasi yobwerera ku Kawale kapena ku Chinsapo isanakwane, buku lililonse pamulupo limasanduka labwino. Alipo mavenda amene amawerenga katundu wawo pamene malonda azizira. Mukamupeza wotere, mugwiritseni, ndiye uja amakusungirani buku pansi pa benchi, mukangofika n'kuti, "Lija munkafuna lapezeka."

Mawu akuti "likusinthani moyo" andifikitsa pa mabuku amene adzaza m'makhonde masiku ano, a momwe mungalemerere. Pano ndiimapo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene achinyamata ambiri akutayira ndalama ndi nthawi pomvera alendo. Think and Grow Rich la Napoleon Hill ndi la 1937, lolembedwera anthu a ku America amene ankavutika ndi kugwa kwa chuma kwa zaka zimenezo. Rich Dad Poor Dad la Robert Kiyosaki ndi la 1997, ndipo phata lake n'lakuti muzigula nyumba ndi katundu wobweretsa ndalama, ngongole yogulira zotero musaiope. Kwawoko, kumene munthu amabweza ngongole ya nyumba zaka 30 pa chiwongoladzanja chochepa, nzeruyo imatheka. Kuno, kumene chiwongoladzanja cha kubanki chakhala chikupitirira K20 pa K100 iliyonse pachaka, kumene kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023, mnyamata wongomeza malangizowo osasefa amakathera pakhomo la wakatapila. Sindikuti musawerenge. Werengani limodzi, mutolepo mwambo wosunga ndalama ndi luso losiyanitsa katundu wobweretsa ndi katundu wongodya. Koma ndakumana nawo anyamata amene amaliza mabuku otere khumi ndi awiri, onse onena chinthu chimodzi m'mawu osiyana, pomwe sangafotokoze chomwe John Chilembwe adaukirira atsamunda mu 1915, kapena momwe mayi wa tomato kutsidya ku Lizulu amawerengera phindu lake atachotsa wovunda, thiransipoti ndi basera. Mayi ameneyo akadalemba buku, ine ndikadagula lake. Onjezani apo kuti ambiri mwa mabuku amenewa ndi osindikizidwa mwakuba: inki yotuwa, mizere yopendekeka, guluu wogwira sabata ziwiri, ndipo nthawi zina pakati pake masamba ena kulibiretu, nambala n'kudumpha kuchoka pa 64 kufika pa 81. Yang'anani manambala a masamba musanalipire.

Zomwezo ndi mabuku olonjeza madalitso a msangamsanga ndi mankhwala ochiza nthenda zonse. Munthu akakulozerani buku n'kuonjeza kuti mukamaliza mubwere ku msonkhano Loweruka, bukulo si limene akugulitsa.

Aliponso alendo ena amene salankhula, koma sanama. Ndiwo amene adaligwira bukulo inu musanaligwire. Litsekeni, muliyang'ane m'mbali momwe masamba amathera. Zala za munthu zimasiya litsiro. Ngati kuda kwayambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, bukulo lidamalizidwa, mwinanso kangapo. Ngati kuda kwalekezera pa kagawo kakang'ono koyambirira, kwinako kuli mbee ngati latsopano, ndiye kuti eni ake onse adagonjera pamalo amodzi. Onani msana wake: buku lowerengedwa mpaka kumapeto limakhala ndi timizere tosweka msana wonse, pomwe losiyidwa panjira limakhala ndi mzere umodzi kufupi ndi chikuto. Likakhala lochokera ku laibulale, m'kati mwa chikuto mumakhala kapepala kodindapo masiku obwezera. Madeti othinana mpaka pansi ndi anthu amene adalinyamula kupita nalo kwawo, wina akangobweza wina n'kutenga; kapepala kopanda chidindo ngakhale chimodzi nakonso kakukuuzani kanthu. Muoneponso timizere ta pensulo ndi timawu ta m'mphepete. Werengani ziganizo zomwe mwini wakale adazilemba mzere kunsi, chifukwa wakuonetsani malo amene adawaona okoma kopambana. Akapanda kukukomerani amenewo, kwinako musayembekezere zambiri. Buku loyera m'mbali si loipa nthawi zonse, mwina lidangogwera m'manja olakwika, koma likufuna kuti mulifunse mafunso ochulukirapo.

Mukatero pitani kumapeto muone ngati tsamba lomaliza lilipo, poti akumapetowo ndiwo amayamba kukulungira mtedza ndi mandasi. Linunkhizeni, la m'nyengo ya dzinja lomwe lidanyowapo limanunkha chinkhungu ndipo masamba ake amamatirirana. Kenako tsegulani pakati, osati poyamba, chifukwa tsamba loyamba mlembi aliyense amalikonza mwapadera. Werengani tsamba lathunthu muli chiimire. Mukapezeka mwatembenuza lachiwiri osadziwa, yambani kunenerera mtengo. Mukapezeka maso apita kwa wodutsa ndi thumba la mbatata, bwezani pamulu, ngakhale amene wakulozeraniyo akhale ndi imvi ngati zanga. Chingerezi chake chikakhala chokulemerani kwambiri, moti mzere uliwonse muli mawu atatu osawadziwa, lisiyeni kaye. Mudzalipeza chaka china. Likakhala ndi mawu awiri kapena atatu achilendo pa tsamba lonse, limenelo ndilo likukwezani.

Za m'foni ndidutsapo msanga, poti mukuzidziwa kuposa ine. Buku la Colleen Hoover lotchedwa It Ends with Us lidatuluka mu 2016, koma lidadzagulidwa m'mamiliyoni patapita zaka zisanu, atsikana atayamba kudzijambula akulira nalo pa TikTok. Mphamvu ya mawu a anthu osawadziwa ndi imeneyo. Vuto n'lakuti wa m'foni simungamuyang'ane m'maso pomufunsa funso lija, ena amalipidwa kuti atamande, ndipo makina amene amasankha zoti muone amakubweretserani zofanana ndi zomwe mudaonera dzulo. Kalumo komwe mlendo wotero wabwera nako ndi kanu komwe. Za mabuku 300 amene mnzanu adakutumizirani pa WhatsApp, omwe angodzaza foni, ndingofunsa kuti mwamaliza angati.

Nthawi zina wolangiza sakhala munthu n'komwe. William Kamkwamba wa ku Wimbe, m'boma la Kasungu, adasiya sukulu ya sekondale chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2001 ndi 2002. Adayamba kupita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale ya Wimbe, komwe mabuku ake adali opatsidwa kuchokera kunja. Tsiku lina, akuwerama kuti atenge dikishonale, adaona buku lokankhidwira m'kati mwa shelefu, lotchedwa Using Energy, pachikuto pake pali makina ataliatali ozungulira ndi mphepo. Chingerezi chake chidali chomuvuta, koma zithunzi zidamukwanira. Ali ndi zaka 14 adamanga makina ake opangira magetsi ndi mitengo ya bulugamu, mapaipi apulasitiki, zitsulo za njinga ndi zotola kudzala. Nkhani yake idadzatuluka m'buku la The Boy Who Harnessed the Wind mu 2009, ndi m'filimu mu 2019. Timakonda kuchenjezana za chikomekome cha mkuyu, koma mnyamatayu chidamukoka ndi chikuto chenichenicho. Ana ena a pa Wimbe adaliona bukulo n'kulidutsa. Iye adaima chifukwa adali kale ndi funso lomusowetsa tulo: dayinamo ya njinga imayatsa bwanji nyali, ndipo angatani kuti kwawo kukhale kuwala ndi madzi othirira mbewu? Chikuto chidangoyankha funso lomwe adabwera nalo.

Legson Kayira, wa ku Chitipa, adanyamuka wapansi mu 1958 kukasaka maphunziro, atanyamula Baibulo ndi The Pilgrim's Progress. Atafika ku Kampala adalowa m'laibulale, natsegula buku la maina a makoleji a ku America, napeza Skagit Valley College ya ku Washington, nalemba kalata. Adamulandira. Ulendo wonsewo adaufotokoza m'buku lake la 1965, I Will Try. Buku la maina a makoleji ndi loti palibe angakulozereni pamsika kuti ndi lokoma, koma kwa munthu amene adayenda wapansi kuchoka ku Nyasaland lidali loposa onse m'nyumbamo.

Apa ndiye pagona nkhani yanga, ana anga. Wopita pamulu wopanda funso lake amatengeka ndi aliyense wolankhula mokweza. Wopita ndi funso amamvera onse, koma amadziwa woti amutsatire. Funsolo lisachite kukhala lalikulu. Mwina mukufuna kudziwa chomwe agogo anu adapitira ku migodi ya ku Joni. Mwina mtima wasweka ndipo mukufuna kumva kuti ena adapirira bwanji. Mwina nkhuku zanu zikufa ndi chitopa chaka ndi chaka. Mwinanso mukungofuna kuseka mutatopa ndi mayeso, ndipo chimenecho ndi chifukwa chokwanira. Asakunamizeni munthu kuti buku lililonse liyenera kukupatsani phunziro. Mlendo uja akaloza buku, muuzeni funso lanulo. Kawirikawiri amabweza lomwe adalozalo n'kutola lina.

Kuchoka pa Tsoka kupita ku City Centre ndi minibasi imodzi. Kumeneko kuli likulu la National Library Service, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967. Ambiri a inu mumalowamo ndi manotsi anu, kukhala pa tebulo tsiku lonse, n'kutuluka osakhudza shelefu. Chonsecho woyang'anira mabuku ndiye mlendo amene sapindula kanthu mukatenga ili n'kusiya ilo, ndipo amaona omwe amabwezedwa msanga ndi omwe anthu amalimbirana. Mupatseni moni mwaulemu, mumuuze lomwe mudamaliza ndi chomwe chidakukomerani m'menemo. M'laibulale mabuku amasanjidwa motsata nkhani zake, choncho mukapeza lomwe mudabwerera, tulutsaninso la kumanja ndi la kumanzere kwake. Ubwino wina wa kubwereka n'ngwakuti kulakwitsa sikupweteka m'thumba. Buku logula ndi ndalama ya nkhomaliro mumadzikakamiza kulimaliza ngakhale likukana, lobwereka mumangobweza. Ndipo kusiya buku panjira si tchimo. Lipatseni masamba 50. Likakana, mwina si lanu, mwina nthawi yake sidakwane.

Pali mlendo mmodzi amene ndingakuuzeni kuti mumukhulupirire musanamufunse. Mukaona pamulu kabuku ka chikuto cha mtundu wa lalanje kolembedwa African Writers Series, katoleni kaye, dzina la mlembi muone pambuyo. Mabuku amenewa kampani ya Heinemann idayamba kuwatulutsa mu 1962, loyamba lidali Things Fall Apart, ndipo Chinua Achebe mwiniyo ndiye adali mlangizi wosankha kwa zaka khumi zoyambirira. Si onse amene ndi okoma, koma adadutsa m'manja mwa anthu odziwa kuwerenga. Amalawi alimo: Aubrey Kachingwe ndi No Easy Task la 1966, Kayira yemwe uja, Mapanje, ndi Tiyambe Zeleza ndi Smouldering Charcoal la 1992. Kumapeto kwa ambiri mwa iwo kuli mndandanda wa mabuku anzake, ndipo mndandanda umenewo ungakudyetseni zaka zingapo. Buku labwino limaloza linzake. Mlembi akakugwirani mtima, sakani ena amene adalemba, kenako sakani omwe iye ankawerenga.

Tsiku lina inu ndinu mudzaime pambali pa mwana wonyonyomala. Musadzangoti "tenga ilo." Mudzamufunse lomwe adamaliza, mudzamuuze pang'ono za lomwe mukumulozeralo ndi chilema chake, mathero musadzaulule. Mukabwereketsa lanu, lembani dzina m'kati mwa chikuto ndi pa tsamba lina la pakati, komabe mudziwiretu kuti mwina ulendo wake ndi womwewo.

Chomwe mlendo wa kutsidya kwa nyanja sangakuikireni m'kontena ndi mabuku a m'chilankhulo chanu. Amenewa simuwapeza mwangozi. Mumachita kuwafunsa potchula dzina. Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, adalemba Nthondo, nkhani ya moyo wa munthu kuyambira kubadwa mpaka kufa, yomwe idapambana pa mpikisano wa zolemba za m'zilankhulo za mu Africa n'kusindikizidwa mu 1933. Chaka chotsatira Cullen Young adaimasulira m'Chingerezi n'kuitcha Man of Africa. Ambiri a inu mudakumana nalo ngati buku la mayeso, n'kuliloweza kudzera m'manotsi a wina. Liwerengeninso popanda mantha a MANEB, mudzaona kuti ndi buku lina. Funsani Kukula ndi Mwambo ndi Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, Mkwatibwi Wokhumudwa la Litete, Kokha Mcheperawakalulu la Chadza, Njala Bwana ndi Madzi Akatayika a Willie Zingani, Mtima Sukhuta ndi Ikakuona Litsiro Sikata a Jolly Max Ntaba. Ambiri mwa amenewa adasindikizidwa kalekale ndipo sadabwerezedwe mokwanira, moti otsala ali m'masutikesi a aphunzitsi opuma pantchito ndi m'makabati a m'mishoni. Yambirani kwa azakhali anu ndi kwa mphunzitsi wanu wakale wa Chichewa. Yesani ku sitolo za mabuku ngati CLAIM ndi Maneno. Ndipo pa Tsoka pomwepo funsani, ngakhale mukuona ndi maso kuti pamulu palibe. Venda amapikula zomwe anthu akufunsa. Mukafunsa nokha adzapukusa mutu n'kukulozerani la Kiyosaki. Akamva anthu asanu afunsa Njala Bwana sabata imodzi, adzauza anzake a ku Blantyre ndi ku Zomba kuti akaliona amusungire, ndipo mtengo wake adzakweza.